Ndodo ya Alamu Anu

Kalyna Creek, Saskatchewan
19 Febuluwale 2024

Okondedwa achemwali a Halyna,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Victoria, kumene mukuti maluwa ayamba kale kuphuka. Zikomo pondiuza zimenezo, ngati kuti ndinafunsa. Kuno chipale chofewa, chija chimagwa nthawi yachisanu, chafika m'mawindo, ndipo ine mlongo wanu ndikadali moyo, ngakhale ena akuchita ngati anandiika kale m'manda.

Ndikudziwa kuti mwana wanga Darcy anakuimbirani foni, poti iyeyu m'kamwa mwake simugona nkhani. Ndiye ndati mumve kwa mwiniwake. Inde, ndinagunda bokosi la makalata la mayi Klassen pobwerera m'mbuyo ndi pikapu. Bokosilo linali lopendekeka kuyambira kalekale, mtengo wake wofumbwa, moti akanakhala anthu ena akanandithokoza. Koma madzulo ake Darcy anatulukira nkhope ili ndwii, n'kutambasula dzanja.

"Adadi, ndipatseni makiyi. Khosi lanu silikutembenuka. Lero ndi bokosi, mawa adzakhala mwana wa munthu."

"Nanga magalasiwo anawaikiranji?"

"Galasi silionetsa zonse."

Tamvani zimenezo! Mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kuyendetsa thirakitala miyendo yake isanayambe kufika pansi, lero akundiphunzitsa za magalasi. Inu mukudziwa kuti akazi anga, alamu anu a Stefania, ali kunyumba yosamalira okalamba ku Yorkton, ndipo kuno basi inasiya kalekale. Popanda pikapu ndiye kuti ndiziwaona Lamulungu lokha, Darcy akapuma ku mgodi. Ine ndimapita tsiku ndi tsiku, pokhapokha chipale chitatseka msewu. Ndinamuuza kuti makiyiwo adzawachotse m'thumba la maliro anga.

Tinakangana mpaka khofi anazizira, kenako tinapangana. Anandipatsa mwezi. Ndiziimika galimoto pamalo posafuna kubwerera m'mbuyo, komanso ndizipita ku masewera a okalamba ku holo ya tchalitchi. Mwezi ukatha iye adzaima kumbuyo kwa pikapu atanyamula kanthu m'manja. Ndikakatchula, makiyi ndi anga. Ndikalephera, basi.

Achemwali, masewerawo mukanawaona mukanafa ndi chiseko. Anthu amene analima tirigu m'dziko lino, anazalitsa ng'ombe m'chisanu choumitsa malovu, awakhazika pamipando mozungulira ngati ana a mkaka. Wotiphunzitsa ndi mtsikana wina dzina lake Brynn, wamano oyera ndi mawu otsekemera ngati akunyengerera khanda kumwa mankhwala. Akalowa amati, "Mwadzuka bwanji anyamata ndi atsikana?" Wamng'ono mwa atsikanawo ali ndi zidzukulutudzi. Kenako akuti kwezani chidendene, tsitsani, kwezani zala, tsitsani. Akuti tigube tili chikhalire. Munaonapo asilikali oguba osapita kulikonse? Tikatero amaomba m'manja n'kumati tachita bwino kwabasi. Ine chibadwire palibe anandiombera m'manja chifukwa chokolola munda wonse, koma lero andiombera chifukwa chokweza phazi.

Zikafika pa ndodo ndiye misala yeniyeni. Kuikweza pamwamba pa mutu, kupalasa nayo bwato pasimenti, kuiika paphewa n'kumatembenuka uku ndi uku. Wendell Friesen mukumukumbukira, uja ankagulitsa matayala? Iye anachita kugula ndodo kusitolo, yamphira kunsonga, ndipo amavala kabuluku kothina kamene sindingakafotokoze m'kalata yopita kwa mlongo wanga. Amawerenga mokweza kuti tonse tidziwe kuti sukulu anapitako.

Anthu ena onse amabweretsa ndodo zakale za hoke, masewera aja a pa ayezi, zimene anadula kokhota kwa kunsonga kuja. Inenso ndinabwera ndi yanga, koma yosadula. Ndodo imene ndinagoletsa nayo anyamata a ku Canora ndili mnyamata, ndiicheke chifukwa cha kamtsikana? Brynn anandiuza monyengerera kuti ndi yaitali, ine ndinachita ngati makutu afa. Ndiye poti tembenukani, ndinatembenuka ndi mkwiyo wonse, kokhota kuja n'kukola mbale ya makeke patebulo. Phwaa! Makekewo anali a ndani? A mayi Klassen omwewo.

"Inu a Orest, ndinakulakwirani chiyani ine? Bokosi munagwetsa, lero mwafika pa mbale. Mawa mubwera kudzasasula denga?"

Wendell anaseka mpaka mano ake oikirira anatsala pang'ono kugwa. Mutu ukakula sulewa nkhonya, achemwali. Brynn anandilozera ndowa imene amasungamo ndodo zotsala kuti ndisankhemo. Ndinatulutsa mpini wa mopu wokulungidwa tepi yobiriwira, ndipo patepipo panali dzina loti Stef. Mpini umenewu ndinaufunafuna m'nyumba monse zaka zapitazo. Alamu anu ankabwera kumasewera omwewa asanayambe kuiwala, ine ndinkangowatula pakhomo n'kumawadikira m'galimoto, ndikumvera mitengo ya tirigu pa wailesi monga munthu wanzeru zake. Mpiniwo ndinapita nawo. Si kuba, ndi wa m'nyumba mwanga.

Masabata awiri oyamba khosi linangokhala chitsa. Sindikubisirani, tulo tinayamba kundivuta. Tsiku lina ku Yorkton pabwalo panali poterera, ndiye ndinatsika ndi mpini uja kuti ndiziyedzamira. Mukudziwa kuti alamu anu sananditchule dzina chikololereni. Amandiyesa munthu wokonza mapaipi, ndipo amandilandira mwaulemu ndithu. Koma ataona tepi yobiriwira ija anandilanda.

"Ndodo iyi ndi yanga. Mwaitenga kuti?"

"Andibwereka ku holo, mayi."

"Mumaidziwa ntchito yake? Takhalani apo tione."

Ndinakhala, n'kuiika paphewa.

"Inu bambo, mukukhala bwanji ngati thumba la mbatata? Senderani kutsogolo kwa mpando. Mapazi pansi. Manjawo atalikirane. Mukupotoza khosi lokha ngati nkhuku, yambirani m'chiunomo. Maso atsogole. Tulutsani mpweya, mukuusungira ndani?"

Brynn ankanena zomwezi, koma ndani angamve malangizo opaka uchi? Alamu anu anayendetsa njinga yawo ya odwala mpaka kumbuyo kwanga n'kufunsa ngati ndikuwaona. Nditati ayi, anati, "Ndiye bwerezani." Munthu amene sadziwa ngati wadya kapena sanadye, zonsezi anazisunga osataya n'chimodzi chomwe. Kuyambira pamenepo tsiku lililonse ndimalowa ndi mpini, iwo amandilanda, amandifunsa kumene ndautenga, n'kundikalipira mpaka nthawi ya tiyi. Ndakhala nawo m'banja zaka zonsezi, ndipo sindinkadziwa kuti kukalipiridwa munthu angakusowe chonchi.

Sabata yatha ndinatembenuka n'kuwaona bwinobwino, nkhope yonse, mpaka kandolo kakhutu. Sanaombe m'manja, iwo si Brynn. Anangoti, "Eya, mwayesako. Amuna anga ndi amene akanabwera kuno, khosi lawo linauma ngati mtengo wa mpanda. Koma ndi amatama, amangokhala m'galimoto." Ndinati ndikatunge madzi, ndipo ndinachedwako pang'ono kumpopiko.

Loweruka Darcy anabwera kudzandiyesa, atavala nkhope ya woweruza milandu. Anakaima pakona pamene galasi silifika. Ndinasendera kutsogolo kwa mpando, kuyambira m'chiuno, maso patsogolo, mpweya kunja. Ndinatsegula windo.

"Ndi golovesi lofiira la mayi ako. Ndipo pukuta kumasoko, munthu wamkulu ngati iwe!"

Akuti ndi mphepo imene inamutulutsa misozi. Mphepo yake iti, tsikulo kunali zii? Makiyi ali m'thumba mwanga pamene ndikulemba pano. Mwanayu akuti ndisasiye kupita ku holo, ndipo ndizipita ndithu, osati chifukwa ndasintha maganizo ayi. Masewerawo ndi achibwana lero ndi mawa. Kungoti payenera kupezeka munthu womuuza Wendell kuti kabuluku kaja kakutichititsa manyazi tonse. Bokosi la mayi Klassen ndidzaliimika chipale chikasungunuka, ndipo lidzaima mowongoka koyamba chikhalire.

Chopempha changa ndi chimodzi. Mukamalankhula ndi Darcy musamuuze amene anandiphunzitsa. Iye akuganiza kuti ndi Brynn, mpaka anamugulira maluwa. Musiyeni. Akadziwa ayamba kubwera kudzaonerera ndi foni yake m'manja, ndipo kanthawi kameneko ndi kanga.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Bohdan, muwauze kuti akayamba kugunda mabokosi ndili ndi ndodo ya hoke yongokhala. Moni kwa ana ndi zidzukulu. Ndikanakonda kulemba kuti alamu anu akupereka moni, koma inu ndi ine sitinamizana. Sakukudziwani, achemwali, monganso sakundidziwa ine. Dzulo atatha kundikalipira ndinalimba mtima n'kuwauza kuti amuna awo aja anatsika m'galimoto, masiku ano amalowa mu holo n'kukhala pampando ngati anzawo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuseka kuseka kuja kwa kale.

"Bodza limenelo, bambo. Inu simukuwadziwa."

Mawa ndipita kukawauzanso. Msewu aukonza, ndipo galimoto ndikutha kuibweza ndekha.

Ndine mlongo wanu,
Orest