Buku la January lakuchipatala

Chimwankhunda, Blantyre
Lamulungu masana

Okondedwa Amayi,

Ndikupereka moni nditagwada. Kodi muli bwanji kumeneko ku Tengani? Mawondo aja apepukako? Ine ndili bwino, ntchito ku Makata ikuyenda, kungoti madzi kuno amatuluka pampopi akafuna okha. Ndalemba kalata chifukwa nkhaniyi si yokambira pafoni ya aneba anthu atakuzungulirani. Achimwene a Aloysius akuwerengereni muli awiriwiri.

Sabata yatha kutchalitchi kwathu kunafika alendo atatu ochokera kunja, a bungwe lina loona za ufulu wa anthu. Akuti anaona pa intaneti zithunzi za tsiku lija mavenda a ku Limbe anaguba kukapereka kalata ya madandaulo, a mayunifolomu n'kuwabalalitsa ndi utsi wokhetsa misozi komanso zibonga. Bambo mfumu analengeza kuti amene ali ndi mawu akaonane nawo muholo. Ine mumandidziwa, chachilendo sichindidutsa. Ndinapita ati kukangoona nkhope zawo.

Ndimayembekezera azungu a masuti. Koma amene anandilandira ndi mayi wamfupi dzina lake Rania, wa mpango kumutu ngati asilamu anzathu a ku Limbe, nsapato zake zafumbi kuposa zanga. Mafunso ndinayamba ndine, mpaka womasulira anapempha madzi akumwa. Ndinafuna kudziwa kuti anawatuma ndani, mapepala akulembawo amakathera kuti, ndipo owawerengawo ali ndi mphamvu yanji pa munthu wa chibonga amene ali kuno.

Mayiyo sanandinamize. Anati iwo samanga munthu. Amalemba lipoti, n'kulipereka kuboma ndi kumisonkhano ya mayiko, ndipo pena akuluakulu amachita manyazi, pena amangoti zii. Nditamufunsa kuti ndiye akudzivutitsiranji ulendo wonsewu, anati kwawo mlongo wake anamenyedwa pa zionetsero ndipo dzina lake silinalembedwe paliponse. Zinandidabwitsa kuti zibonga n'zofanana dziko lonse lapansi. Ine ndinkayesa n'zakuno kokha.

Tsopano, Amayi, khalani pansi bwinobwino. Mlongo wanga January sanagwe pa njinga yamoto. Bodza limenelo ndi langa.

Tsiku lija anali nawo pagulupo, m'manja atanyamula chikwangwani basi, opanda ndi mwala womwe. Anzake anandiimbira ndili kuntchito, ndipo ndinakamupeza pakhonde la sitolo mkono uli lende. Anthu anatinong'oneza kuti wovulazidwa ndi munthu, kuchipatala amayamba amufunsa kalata, ndipo kalatayo imachokera ku ofesi ya omwe anamumenyawo. Ndinaopa kuti akalowa kumeneko satulukako. Ndiye adokotala atafunsa kuti watani, ndinayankha ndine iye asanatsegule pakamwa, iwo n'kulemba zomwezo m'buku lake. Inunso ndinakuuzani zomwezo, ndipo ndinamulumbiritsa kuti asaulule poopa kuthamanga kwa magazi kwanu kuja.

Zonsezi ndinamufotokozera Rania mutu uli pansi, kuti umboni wa mlongo wanga ndinauwononga ndekha ndi pakamwa pangapa. Iye sanadabwe n'komwe. Anatsegula chikwama n'kundionetsa zithunzi za masamba a mabuku ena akuchipatala, mayina ataphimbidwa. Deti lomwelo, mawu omwewo, onse ati anagwa pa njinga yamoto.

"Mlongo wanu ndi wa nambala 14," anatero kudzera mwa womasulira uja. "Ndikufuna kudziwa, kodi njinga za kuno zimasankha kuthyola mkono umene munthu amatchingira mutu?"

Ndinaseka, Amayi, kenako misozi inangobwera yokha. Miyezi iwiri ndakhala ndikuyesa kuti wamantha ndinali ndekha. Tsopano ndikakwera minibasi ya ku Limbe ndimangoyang'ana mikono ya anthu, n'kumadzifunsa kuti enawo ndi ati, ndipo anawanamira ndani. Rania akuti buku limodzi lotere limangooneka ngati la ngozi ya pamsewu, koma mabuku akachuluka chonchi ndiye kuti bodzalo likuchitira umboni mantha amene tinali nawo.

Pempho langa ndi limodzi. Buku lakuchipatala lija lili m'kajumbo ka shuga kamene ndinaika pansi pa chikwama chimene January anabwera nacho kwanuko. Alendowa anyamuka Lachisanu sabata yamawa. Mumufunse mwini wake ngati akufuna kuti nkhani yake ilembedwe. Alendowo akuti akhoza kumusinthira dzina, ndipo popanda iye kuvomera salemba chilichonse. Akavomera, a Aloysius apereke bukulo kwa dalaivala wa basi amene wabweretsa kalatayi, kenako January adzayankhula ndi alendowo pafoni.

Sindikulonjeza kuti lipotilo liwongola mkono wake, kapena kuti wina adzapepesa. Mantha ndikadali nawo, osabisa. January akakana, musamukakamize, ndipo inunso musamuyankhire. Ine ndinamuyankhira kamodzi, taonani pamene zatifikitsa.

Achimwene anandiuza kuti tsiku lililonse mumamudzudzula za njinga, kuti ana a m'tauni samva, iye n'kumangoyang'ana pansi. Mulekeni mwana wanu, Amayi. Wakhala akusenza mawu anu onsewo posunga lumbiro la ine. Mawu otsalawo mundisungire, ndidzawalandira ndekha pa Khirisimasi.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa alamu anga a Mildred ndi ana onse, ndiponso kwa amalume a ku Bangula mukawaona. Kwa January musapereke moni wokha. Mumuuze kuti lumbiro lija ndamumasula, pakamwa ndi pake.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Anastazia