Munga wa Pakhosi pa Tiwale

Lolemba, 9 Juni 2025

Ndatola kope lakale la Tiwale, latsala masamba. Zilembo zanga ndi za sukulu yakwacha, zimayenda chammbali ngati nkhanu, koma adzawerenge ndani? Mkazi wanga Nabanda akanakhalapo ndikanangomuuza pakamwa. Chimwalirireni iye, nkhani zimandiwolera m'mimba.

Tiwale, mdzukulu wanga wa zaka zisanu ndi ziwiri, sakudya. Phala lamadzimadzi, ndiponso ndichite kulisefa. Tiyi. Basi. Lero pomuveka yunifolomu siketi yatsika yokha, ndaigwira ndi pini. Amake, Thokozire wanga, ali ku Joni pantchito ya m'nyumba. Anandisiyira mwana wa masaya.

Lachiwiri, 10 Juni

Salama wa mandasi, wa khomo loyang'anizana nalo, wandipeza pabenchi yanga yosokera nsapato.

"Che Esau, mwanayo mukumulera ngati dzira. Zulaikha wanga ankakana therere, ine ndinangovundikira poto. Tsiku limodzi lokha, ananyambita ndi chipande chomwe."

Ndati uyu akukana ndi mandasi anu omwe. Akuti, "Mandasi anga? Ndiye ndi matama a ku Joni amenewo! Musiyeni, njala imulangiza."

Ndiyesa. Phala ndaleka kuyambira mawa.

Lachitatu, 11 Juni

Nsima ya nyemba masana, nsima ya nyemba madzulo. Sanakhudze. Sanalirenso, ndipo n'zimene zandiopsa. Wangokhala, manja pakati pa miyendo, kuyang'ana mbale ngati muli njoka. Ndamusimbira ya kondakitala amene anaiwala minibasi yake ku depoti, ija imagwetsa amuna ndi kuseka pabawo kuno ku Kaliyeka. Ngakhale dzino silinaoneke.

Lachinayi, 12 Juni

Tsiku lachiwiri. Madzi okha.

Thokozire waimba foni ya zithunzi. "Ababa, mwana akudya?" Ndati akudya. Ndinamuveka juzi ziwiri, n'kumuimika patali.

Lachisanu, 13 Juni

Wagwa pamzere kusukulu. Aphunzitsi achita kumubereka.

Pochapa yunifolomu ndapeza m'thumba mbatata ya Lolemba, yochita nkhungu, ndi switi ziwiri zimene mnzake anamupatsa. Zosatsegula. Ndatuluka nazo panja, ndaonetsa Salama. Anaziyang'ana nthawi yaitali, mafuta mpaka kupserera pambaula.

"Che Esau, mwana wa matama switi amadya. Ndakulakwitsani."

Ndaphika phala, ndasefa kawiri. Wamwa theka la kapu.

Loweruka, 14 Juni

Ndilembe pomwe zinayambira, poti pepala silinena kwa munthu.

Unali Malichi. Tinkadya utaka, iye akuthamangira kukasewera fulaye, munga n'kumuima pakhosi. Ine ndinachita zimene anatichita ifenso kwathu ku Nambuma: ndinaumba mbamu yaikulu ya nsima, ndati meza osatafuna, ukankhe mungawo. Anameza, n'kutsamwa nayo mbamuyo. Maso kutuzuka, mawu osatuluka. Ndinamumenya kumsana mpaka zonse zinabwerera pamphasa.

Zikanathera pomwepo. Koma pakamwa pangapa. Atangopuma, ndati ndimuphunzitse kudya modekha, n'kumupekera pomwepo ya mtsikana wosusuka wa ku Nambuma. Munga unamuima pakhosi, unamera mizu, mizu n'kutulukira m'makutu, anthu n'kumayanikapo mipango. Ndinaikamo ndi kanyimbo. Ndinaikometsa, ndisaname, mpaka ine mwini ndinaseka.

Mawa lake anakana nsomba. Kenako nyama, ati ili ndi ulusi. Kenako nyemba, makoko. Mpunga. Buledi. Chimodzichimodzi, ngati nyumba imene akuisasula malata, ine ndili momwemo osaona.

Lolemba, 16 Juni

Kuchipatala. Mzere mpaka kumpopi. Tapeza dokotala wachinyamata, a Felix, wa msinkhu wa mwana wanga. Amukweza pasikelo, amuzunguliza kalamba koyezera pamkono, atsegula buku lake la chipatala. Sikelo yatsika kuposa ya chaka chatha. Awunika kukhosi ndi tochi, mulibe kanthu.

Ndayamba kufotokoza kuyambira kubadwa kwa amake. Akuti, "Agogo, tadikirani, ayankhule mwiniwake." Agwada pansi, amufunsa chimene amaopa. Mwana kunong'ona: "Munga ukumera." Iwo sanamvetse, anangoti mulibe munga. Ine ndinamvetsa. Ndinayang'ana nsapato zawo. Soli yakumanzere yayamba kuyasama.

Akuti mwana wosankha zakudya amakana ichi n'kudya icho, kwa anzake amadya, njala ikamupweteka amagonja, ndipo amakulabe. Uyu njala ilipo, koma mantha aiposa. Ndi matenda, ali ndi dzina lachingerezi, sindinaligwire. Kumumana chakudya n'kuwonjezera moto. Ndinawauza za masiku awiri aja. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Malangizo: phala lisamasowe, nthawi zake zomwezo, muzilowa nsinjiro zosefa, mkaka, dzira lomenya. Pambali kambale kena, kachakudya katsopano kochepa ngati chikhadabo. Akhudze, anunkhize, asiye, zonse zili bwino. Ine ndizidya zanga iye akuona. Sabata iliyonse kusikelo, ndipo atilembera kalata yokaonana ndi alangizi kuchipatala chachikulu. Akakana ndi madzi omwe, kapena akagwanso, tithamange tsiku lomwelo.

Chomaliza: "Pakudya musanyengerere, musaopseze, musasimbe. Khalani chete."

Ine?

Lachinayi, 19 Juni

Chete ndi ntchito. Zaka makumi asanu ndakhala ndikuitanidwa pamaliro ndi pazinkhoswe chifukwa cha pakamwa. Lero ndikutafuna mbatata ngati mbuzi, supuni ya Tiwale yokha ikulira m'kapu. Mawu akafika pammero ndimamwera tiyi.

M'kambale munali kanthochi. Sanakayang'ane.

Ndikudziwa chofunika kumuuza. Ndatsegula pakamwa kawiri. Koma mwanayu nkhani zanga ndiye zimamugoneka chichokereni amake. Ndikati ija inali bodza, zinazo azitenga bwanji? Wondimvetsera wanditsalira ndi iyeyu.

Loweruka, 21 Juni

Wanunkhiza kanthochi, n'kukankha. Salama wabweretsa nsinjiro, wasefa yekha ndi nsalu. Anangoika pakhomo, osalowa.

Lamulungu, 22 Juni

Ndamuuza Thokozire zonse, ndi za juzi ziwiri zomwe. Sanakuwe. Anangoti, "Ababa, ndinakusiyirani mmodzi yekha." Kenako foni inaduka, kaya ndi netiweki kaya ndi iye.

Sindinapite kutchalitchi. Ndakhala pabenchi, ndasoka nsapato ya munthu amene anasamuka kale.

Lolemba, 23 Juni

Sikelo sinatsike. Sinakwerenso. A Felix akuti n'chiyambi.

Lachiwiri, 24 Juni

Masana. Phala lake, mbatata yanga, kambale pakati. Ine chete monga mwa lamulo. Woyamba kuyankhula ndi iyeyo.

"Agogo, mtsikana wa ku Nambuma uja anamuika kuti?"

Ndaika mbatata pansi. Ndati kulibe mtsikana ameneyo. Sanabadwepo. Ndinamupanga ine, pamphasa yomweyi.

"Ndiye munanama?"

"Ndinanama."

"Munga sumera?"

"Sumera, mwanawe. Wako uja unatuluka, ndinauona ndi maso anga, ndinautaya kudzala."

"Nanga kondakitala uja?"

"Nayenso."

Anandiyang'ana ngati mlendo amene wasochera khomo. Ndimayembekeza kuti alira. Ayi. Wakoka kambale, watenga kanthochi kaja, wakafinya pakati pa zala, kufufuza ngati muli kanthu. Wafinyanso. Wakaika palilime.

"Musandiyang'ane."

Ndatembenukira kukhoma, pali kalendala ya chaka chimene Nabanda anapita. Ndawerenga masiku a Juni wakewo mpaka kumapeto, ndayambiranso. Kunja Salama akukangana ndi wamakala. M'nyumba zii.

"Agogo."

Sindinatembenuke.

"Nthochi ija yapita, ndameza."