Manda a Amayi Apita kwa Mlendo

Inis Rua,
19 Novembala 1956

Okondedwa achimwene Colman,

Ndikhulupirira muli bwino ku Boston kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Jekete lija munatumizira amayi linafika pa 2 Okutobala. Musafunse ngati likuwakwana, chifukwa pofika pa 5 anali atalipereka kwa mkazi wa Fiachra wokumba manda uja. Zotere ndinazolowera. Koma zimene achita tsopano zandiimitsa mutu.

Lachiwiri pa 13, nyanja inalavula mtembo kumiyala ya kumpoto kwa chilumba chathuchi: mwamuna wamtali, wopanda chomudziwira, kamtanda kokha m'khosi. Apolisi a kumtunda anabwera pa boti, kumuyang'ana, n'kunena kuti timuike konkuno. Inu mukudziwa kuti dothi la kumanda athu makolo anachita kusenza m'madengu, ndipo banja lililonse lili ndi malo ake. Athu anatsala awiri, a amayi kudzanja lamanja la manda a atate, anga kumanzere.

Ansembe athu, Bambo Devane, atafunsa Misa itatha ngati alipo wopereka malo, amuna onse anangoyang'ana zisoti zawo. Wina anati akamukwirire mumchenga kunja kwa mpanda. Amayi n'kuimirira ndi ndodo yawo.

"Muikeni pamalo panga. Mwamuna wanga Tadhg sankasankha munthu womukweza m'boti."

Ndinaugwira mtima mpaka kunyumba.

"Amayi, zaka zonsezi mwakhala mukupalira pamalopo, mukuti mudzagona pambali pa atate. Nanga inuyo tidzakuikani kuti?"

"Iwe Gobnait, kodi Yosefe wa ku Arimateya sanapereke manda ake?"

"Anapereka, koma pofika Lamulungu anali atamubwezera. Uyu sabweza."

"Pakamwa pakopa n'pa azakhali ako. Mwanayo ali ndi amake kwinakwake, akuyang'anabe kunyanja. Akanakhala Colman, ukanafuna agone mumchenga? Thira tiyi."

Tinamuika Lachinayi. Amayi anatulutsa nsalu yoyera ija anasungira maliro awo, nayonso inapita.

Achimwene, Ambuye anati ukonde mnzako monga udzikondera iwe mwini. Sanati uzivula mpaka kutsala opanda pogona. Ndinawauza choncho Bambo Devane, iwo n'kundiyankha kuti palibe chikondi choposa kutaya moyo chifukwa cha abwenzi. Ndinati munthuyu si bwenzi lawo, ndi dzina lomwe salidziwa, ndiponso si iwo ansembe amene adzapalase boti kupita ndi bokosi la amayi kumtunda kwa anthu osawadziwa. Ndinanena motsitsa mawu, koma anamva.

Sindinafune kukudandaulitsani, komabe muyenera kudziwa. Namwino anawapima pa 8 mwezi uno. Akuti mtima watopa, ndipo kwa iwo Pasaka ili kutali. Amayi anamva zonsezo asanaimirire m'tchalitchi muja. Anthu atabalalika kumanda, ndinabwerera kukawatenga, n'kuwapeza atagwira mwala wa atate. Ankati, "Usakwiye, Tadhg. Sikutali, ndi kuwoloka chabe." Atandiona anayamba kudandaula za udzu.

Choncho Lachisanu ndinapita kwa ansembe ndi kwa Fiachra, ndipo tinagwirizana kuti amayi adzagona kumanzere, pamalo panga. Musandiyese woyera mtima. Ndachita izi nditakwiya, ndipo ndidakali wokwiya. Za ine zidzaoneka, kumtunda kulinso dothi.

Pempho langa ndi limodzi. Mukamawalembera, musatchule zimenezi ngakhale pang'ono. Nyengo yozizira yangoyamba kumene, nyanja siinamalize ntchito yake. Akangodziwa kuti ali ndi malo, apereka kwa woyamba amene mafunde abwere naye.

Amayi akupereka moni kwa nonse. Akuti ana azimupempherera mlendoyo, dzina lake Mulungu akulidziwa. Ine ndikuti ngati mungathe kubwera, musadikire Pasaka.

Ndine mlongo wanu,
Gobnait