Ndodo Yopitirira Mphuno ya Bwato

Lolemba, 14 Okutobala

Ine Ovide Placide Cheramie, wa zaka 79, mphunzitsi wamkulu wopuma, wamasiye, wokhala pa chilumba cha Grand Isle. Ndikulemba mutu uli bwinobwino, kaya mwana wanga Odile anene zotani.

Nsomba zofiira zikuluzikulu zalowa pa mpata wa nyanja wa Caminada. Pa 26 chikwana chaka chimwalirire mlamu wanga Nolan Pitre pomwepo. Iye m'kayaki yake, kabwato ka munthu mmodzi, ine m'yanga. Ndinaona zonse. Nsomba imene anakola inalowa pansi pa bwato n'kutulukira mbali inayo. Ndodo yake yowedzera inali yaifupi. Sanathe kuizunguliza kumphuno ya bwato kuti aitsate nsombayo. Bwato linagadabuka. Anthu amati nyanja. Ine ndikuti ndodo.

Zaka 41 tinawedza pa mpatawo Okutobala aliyense. Chaka chino sindilumpha.

Lachitatu, 16 Okutobala

Kusitolo ya Mayi Verna Guidry. Ndinawaphunzitsa masamu ali mtsikana, sanali akhama. Anandikhazika pansi miyendo chotambasula, monga m'bwato, n'kumandipatsa ndodo imodziimodzi. Ya mafiti asanu ndi awiri ndi theka ikupitirira mphuno. Chogwirira chachifupi, chosakola pa jekete yoyandamitsa. Pa zimenezi tinagwirizana.

Tinasiyana pa kulimba. Iwo akuti yofewa, ndi chingwe chopyapyala. "Aphunzitsi, m'kayaki chingwe chizidukako inu musanagadabuke. Nsomba ndi zambiri, inu ndinu mmodzi." Ndinayankha kuti sindinabwere kudzagula chinthu chopangidwira kuduka. Anaseka. "Makani omwe aja! Ndodo imeneyi njokokera ng'ona, osati ya agogo." Ndatenga yolimba, ndi chingwe chochindikala.

Potuluka ndodo inapulumuka m'dzanja lamanja, n'kugwa pakhomo. Mayi Verna anaitola. Lamanzere ndilo linafooka ndi sitiroko ya mu Juni. Lamanja linali lisanachitepo zimenezi.

Loweruka, 19 Okutobala

Odile pa foni kuchokera kwawo ku Houma. Wina wamuuza za ulendo wanga wa kumpata. "Ababa, mukufuna ndikakuvuuleni ngati amalume? Lamulungu pa 27 ndikubwera ndi galimoto. Mudzakhala kwathu, kayaki tigulitsa." Ndinamukumbutsa kuti munthu sakweza mawu kwa bambo ake. Analira. Gumbo, msuzi wa therere umene ananditumizira, akadali mufiriji.

Kapu ya khofi yagwanso m'mawa. Lamanja.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Ndapeza njira. Kalamba kapadzanja, kachingwe kolimba, mfundo ya asodzi akale. Zala zikataya, ndodo siipita patali.

Ndinapita kukagula mbedza. Mayi Verna anaona kalamba. Nkhope inasintha. "Ndodo timamangirira ku bwato, Aphunzitsi. Pathupi ayi. Mukagwa, nsomba ikukokerani pansi ngati galu pa unyolo." Ndinati ndikamangirira ku bwato ndodo idzagwera m'madzi, nsomba idzapita. "Ipite!" Anandikoloweka m'khosi mpeni wopinda, wa malemu amuna awo. "Zikavuta, dulani. Mundilonjeze." Ndinathokoza mwaulemu. Sindinalonjeze, sindinama.

Lachinayi, 24 Okutobala

Kuyesa. Kayaki pa kapinga, chingwe ndamanga ku mzati wa nyumba, ine m'kati, kalamba padzanja. Ndinakoka ndi mphamvu zonse. Ndodo inapinda pang'ono chabe. Bwato linakwawa, linapendeka, ndinapezeka chagada pa udzu, dzanja lili m'mwamba, lomangika. Chingwe sichinaduke. Ndodo yabwino kwambiri.

Ndinagona pamenepo kanthawi ndithu. Ndinayesa mpeni ndi dzanja lamanzere. Katatu.

Avuwo, mbalame zodya nsomba, ali ndandanda pa mizati ya padoko, onse kuyang'ana kumpata.

Lachisanu, 25 Okutobala, masana

Mphepo yatembenukira kumpoto. Mawa madzi ayamba kuphwa dzuwa likutuluka, mphepo ikuwakankhira kunyanja yaikulu. Monga chaka chatha. Nsomba zimadya bwino nthawi yotere.

Ndikuyembekeza kubwera nkhomaliro isanakwane. Komabe munthu wadongosolo salola ena kukangana pa katundu wake. Choncho:

Nyumba ndi zonse za m'kati, kwa Odile. Gumbo adye, asataye. Ndamukhululukira za pa foni.

Mabuku a masamu, ku sukulu.

Wotchi ya bambo anga, kwa Abusa Naquin, kuti ulaliki uzitha pa nthawi yake.

Nkhafi ya Nolan, imene ndinatola tsiku lija n'kubisa, kwa mkazi wake Eula. Ndipepese.

Kayaki, ngati ipezeka, isagulitsidwe.

Mpeni ubwerere kwa Mayi Verna. Ndauika m'envelopu patebulo. Ngwabwino, koma sindinathe kuutsegula.

Ndodo yatsopano sindikuilemba. Idzakhala pamene ndili.