Zikwama za Maambulera Zili Pansi pa Bedi

Aphungu,

Ndine telala, ndimasoka mayunifomu ndi kuika zigamba. Chaka chatha ndinayamba kutolera maambulera othyoka, kuchotsa nsalu yake ndi kusoka zikwama zosalowa madzi. Zakwana khumi ndi zinayi, zonse zili pansi pa bedi.

Alamu anga ali ndi shopu pamsewu waukulu. Andipatsa shelefu imodzi yapafupi ndi khomo, koma anati, "Mlamu, Loweruka likadutsa ndiikapo masilipasi." Ine ndikuopa kuti anthu aziti mayi uja wayamba kutola m'zinyalala.

Ndinapempha Mulungu chizindikiro choti ndiyambe kugulitsa: kasitomala woyamba abwere atavala zofiira. Anabweradi, koma kufiira kwake kunali kothimbirira. Ndinapemphanso kuti abusa atchule chikwama paguwa. Anatchula, koma polengeza kuti wina waberedwa chikwama panja pa tchalitchi. Bambo akunyumba akungoti, "Mayi a ana, nsapato zanga ndiziika kuti? Pansi pa bedi mwatsegulapo golosale." Kodi ndisale kudya masiku atatu kuti ndimve bwino yankho la Mulungu?

E.N., kuseri kwa msika

Mayi E.N.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo kachiwiriko ndinatsala pang'ono kuswa kapu. Ine sindizungulira. Mulungu mwamusandutsa wofunsira ntchito, inu mwakhala bwana wofunsa mafunso. Wakupatsani zofiira, mwati zathimbirira. Akakutumizirani mngelo mudzamufunsa chiphaso.

Chimene mukuchitcha kudikira Ambuye ndi mantha ovala duku la kutchalitchi. Maso amene anaona chikwama pa ambulera yakufa anakupatsani ndani? Manja aja? Mlamu wa shelefu uja? Ena akupempherera zimenezo usana ndi usiku, inu mwalandira zonse koma mukufunabe risiti.

Ine sukulu ndinalekera panjira. Kulemba ndinadziphunzitsa ndekha, ndipo nkhani yanga yoyamba mkonzi anaibweza nati, "Bola muzikagulitsa makala." Ndikanasala kudya tsiku limenelo, bwenzi lero mukulembera wina.

Idyani bwinobwino, musale mantha. Mawa tulutsani zikwamazo, muzikunthe fumbi, musankhe zisanu zosokeka bwino. Ikani mwala wolemera m'chikwama chilichonse, muchinyamule pachingwe. Chikaduka, sokaninso kawiri, ndipo Satana musamunamizire, ndi ulusi wanu. Pitani nazo kwa alamu anu mutatenga botolo la madzi. Kasitomala akakayika, ikani pepala m'kati, thirani madzi pamwamba, mumuonetse pepala louma. Mawu oti "tizikwama tachabe tomwe ndimangoyeserera" asatuluke pakamwa panu. Tchulani mtengo, tsekani pakamwa.

Lamulungu nyamulani chimodzi, muikemo buku la nyimbo, mukhale nacho kutsogolo. Amayi amene adzanong'onezane za zinyalala ndi omwewo adzakutsatireni kunja kufunsa ngati chabuluu chilipo. Pemphero lanu likhale lalifupi: kuthokoza, ndi kupempha mphamvu zosoka zina.

Chenjezo langa ndi ili. Mwina sabata yoyamba simugulitsa ngakhale chimodzi, ndipo zimenezo si uthenga wakumwamba, ndi malonda basi. Koma Loweruka likadutsa, n'kupeza pashelefu paja pali masilipasi, musadzaime mu mpingo n'kuchitira umboni kuti Mulungu sanafune. Mudzanene zoona, kuti anatsegula chitseko, inu munakana kulowa.