Amene Anavundukula Mwala Wanu

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji? Kuno tilipo, tikudzuka.

Ndiyambe ndi za pakhomo. Mvula chaka chino inachedwa koma sinatinamize, ndipo chimanga cha m'munda wanu wa kudambo chadzaza nkhokwe. Tisa, chitsiriza wanu, wabereka mwana wamkazi ku Mpanshya ndipo tamupatsa dzina lanu, Agnes. Ali ndi mphumi yanu, ndipo akakwiya amatsinzina ngati inu. Mbuzi yaikazi ija inagundidwa ndi lole pamsewu waukulu, tinadya. Denga la khitchini likudontha pomwe paja munkaika beseni, ndipo beseniyo ikadali pomwepo.

Sukulu ija ndamaliza. Mukukumbukira mmene munkaisekera, kuti ndi sukulu yanji yopanda belu, yopanda mphunzitsi wokukalipira. Ndikabwera ku Chinyunyu Loweruka ndinkakwera pachulu kuseri kwa nyumba kufuna netiweki, inu n'kumauza odutsa kuti Misozi akuphunzitsidwa ndi chiswe. Ndikadandaula kuti netiweki yadukanso, munkangoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinadekha, ndipo tsopano ndili ndi digiri ya za umbanda ndi kayendetsedwe ka milandu. Mwambo wake ndinaonera pa laputopu mu ofesi ku Rufunsa. Dzina langa ndinamva theka, netiweki inaduka pakati. Gauni inabwera pa basi kuchokera ku Lusaka, m'pulasitiki. Sindinasangalale monga ndinkayembekezera. Masana omwewo ndinabwerera pa ntchito yanga ya ukalaliki.

Chimene ndakulemberani kwenikweni ndi cha ba Dainess, mnzanu uja munkagulitsa naye m'mbali mwa msewu pafupi ndi kasupe wa madzi otentha, inu nthochi, iwo munkoyo. Tsiku lija munagwa munali mutamwa munkoyo wawo, monga munkachitira tsiku lililonse. Adokotala anatiuza kuti ndi BP. Ine sindinadabwe, pakuti mankhwala ake munkamwa pokhapokha mutu ukawawa, ndipo tinakangana za zimenezi kambirimbiri. Koma ba malume Lameck, mlongo wanu, sanavomereze. Iwo anati munthu sagwa chabe.

Kuyambira pa maliro anu, anthu a m'mudzi anasiya kugula munkoyo wa ba Dainess. Akafika pa mjigo, azimayi amasuntha zidebe zawo. Wina anawadulira nthochi zonse za kuseri kwa nyumba. Kenako kunayamba kumveka kuti achoke m'mudzi, ngakhale aliyense akudziwa kuti amuna awo anamwalira, ana alibe, ndipo kwina kopita kulibe. Ndinkadabwa kuti n'chiyani chikuwachedwetsa a malume kuwathamangitsa, popeza si munthu wodikira. Sindinadziwe kuti akudikira ine.

Maganizo awo anali otere. Sing'anga akaloza munthu, apolisi amabwera kudzatenga wolozayo ndi amene anamuitana. Koma mwana wa m'banja amene waphunzira za milandu mpaka kulandira pepala, ameneyo akaloza ndiye kuti zayenda mwalamulo. Chimwalirireni inu akhala akundifunsa kuti umaliza liti, ine n'kumati amandinyadira.

Mwezi wathawu tinavundukula mwala wanu. Ndi wakuda, wosakula kwambiri, ndipo tinauphimba ndi nsalu yoyera. A malume anandipempha kuti ndivale gauni kuti inunso muione, ndipo ndinavala, dzuwa lili pamutu. Akatekisiti atatha pemphero, nsalu isanachotsedwe, a malume anaimirira n'kuyang'ana anthu.

"Manje mwana wathu waphunzira za milandu," anatero. "Misozi, tiuze amene anadya mlongo wanga. Ukatchula iwe, ni boma latchula."

Palibe anatembenuka, komabe aliyense ankadziwa pamene ba Dainess anaima. Anali patali, pansi pa mtengo wa mango kumapeto kwa manda, ndi chigubu cha munkoyo chimene anabweretsa monga amachitira pa mwambo uliwonse. Panalibe amene anachikhudza.

Amayi, pa zonse zimene ndinawerenga pachulu paja, chimene chinandibwerera ndi cha chaka choyamba: usanafunse kuti walakwa ndani, yamba wafunsa ngati pali mlandu. Ndikanatha kuwafotokozera zimenezi mpaka dzuwa kulowa. Koma inu munkati anthu a kwathu kuno samva ndi makutu, amamva ndi maso. Choncho ndinayenda pakati pa manda, gauni ikukoka minga, mpaka pansi pa mango. Ndinapempha kapu. Ba Dainess anandithirira munkoyo mpaka wina unatayikira pa nsapato zanga. Ndinamwa wonse anthu akuona. Unali wowawasa bwino, monga munkaukondera.

Kenako ndinati, "Amayi anamwalira ndi BP. Mlandu palibe."

Ndinawagwira dzanja n'kubwera nawo pamwala, ndipo ndinawapempha kuti akhale iwo ochotsa nsalu. Ndikudziwa kuti imeneyo inali ntchito ya a malume, ndipo ndikudziwa kuti ndinawachititsa manyazi pa anthu. Mantha ndinali nawo, sindibisa. Ba Dainess anakoka nsaluyo pang'onopang'ono, n'kuipinda bwinobwino ngati ya patebulo. Popeza sawerenga, anandipempha kuti ndiwawerengere zolembedwazo, ndipo nditatha anayamba kukukalipirani motsitsa mawu, kuti munawasiyira matebulo awiri ndi msana umodzi. Tisa analira. Ine misozi sinabwere, ndinkangomva thukuta likutsika mu gauni.

A malume sanadye. Anakwera njinga n'kupita, ndipo mpaka lero ndikawapatsa moni amayankha njinga yawo. Ena akuti digiri yanga ndi yabodza chifukwa ndinaitenga pa foni. Ena akuti ba Dainess anandidyetsa kale, ndipo akudikira tsiku limene ndidzagwe. Ndikakumana nawo pamsika amandiyang'anitsitsa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ine n'kuwauza kuti ndadzuka bwino. Mankhwala a BP nanenso andiyambitsa, ndipo ndikumwa tsiku lililonse, chifukwa ndikagwa ine, awo amene anaima pansi pa mango aja ndiwo adzalipire.

Sindinganene kuti zatha. Zidebe pa mjigo zikusunthabe, koma si zonse. Mwamuna wa Tisa anagula munkoyo sabata yatha, ngakhale anakamwera kuseri kwa golosale. Za kuchoka m'mudzi sizikumvekanso mokweza. Inu munkakonda kunena kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo azimayi ena amasiye a m'mudzi muno ayamba kuwerengera zaka zawo.

Kuntchito sanandikweze. Akuti ndidikire malo akapezeka, ndipo ndadikira zambiri kale moti izi sizikundivuta. Gauni ndinaichotsa minga n'kuiika mu sutikesi yanu.

Ndakusowani, Amayi, makamaka Loweruka ndikatsika minibasi n'kuona tebulo lanu lopanda nthochi. Mpando wanu ukadali pomwepo, ndipo ndimakhalapo ine. Ba Dainess amandithirira kapu, ndimamwa pang'onopang'ono m'mbali mwa msewu kuti aliyense wodutsa aone. Ndikukulonjezani kuti ndizichita zimenezi Loweruka lililonse pamene iwo ali moyo. Akadzabwera kumeneko adzabwera pa nthawi yawo, kuchokera m'nyumba mwawo, ndipo tidzawaika pafupi ndi inu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Misozi