Nkhope Yanu pa Mkuwa

Amayi,

Kumene muliko mukukhala bwanji? Ife kuno ku Dublin tilipo, mvula yokha ndiyo sikukata. Mdzukulu wanu Tadala wayamba sukulu. Chichewa amamva, koma kuyankha amayankha m'Chingerezi. Achimwene ku Ntcheu akuti chimanga chapsa ndi dzuwa. Alamu abereka mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu.

Ine ndikadali kushopu ya a Declan ku Rathmines, mkulu uja wogulitsa zithunzi zakale. Zambiri ndi nkhope za Angerezi olemera a zaka 300 zapitazo, zithunzi za mtunduwu amati mezzotint. Mmisiri ankakanda mkuwa wophwatalala paliponse, moti ukaupaka inki n'kudinda pepala linkatuluka lakuda bii. Kenako ankapala pang'onopang'ono pofunika kuwala: chipumi, mphuno, masaya. Ogulitsa a nthawiyo analibe chisoni. Ndaonapo mapepala awiri, diresi lomwelo, manja omwewo, mitu yosiyana. Chithunzi cha munthu chikasiya kugulidwa ankamufufuta mutu pamkuwapo n'kuikapo wa wina.

Shopuyi ikutsekedwa mu March. Ogula kulibe, ndipo manja a mkuluyu ayamba kunjenjemera. Kolowera sindikukudziwa.

Koma chimene ndalembera ndi china. Chithunzi chanu chija, cha pa ukwati wa achimwene, chawonongeka. Ndinachisunga mu sutikesi, kukhoma kwachinyontho, nkhungu n'kudya nkhope yonse. Kwatsala mpango ndi phewa basi. Paja munkati, "Iwe Chisomo, za eni ake umasamala, zako umataya." Tsiku lililonse ndimapukuta nkhope za azimayi osawadziwa, yanu ikuolera kunyumba.

A Declan atandipeza ndikulira anandipatsa mkuwa ndi chopalira. "Aike apa ukadali kuwakumbukira," anatero. Ndinapala masabata six. Titadinda, Tadala anayang'anitsitsa n'kufunsa ngati amenewa ndi agogo a ku Balaka, ang'ono anu aja. Mwanayo sanalakwe. Pakamwa ndi panu, koma maso si anu. Ndimatsinzina kuti ndikuoneni, mawu anu ndimawamva, masowo sabwera. Pamaliro panu sindinalipo kuti ndikuoneni komaliza, mapepala anga okhalira kuno anali asanatuluke.

Ndapempha achimwene kuti afufuze chiphaso chanu chovotera m'thumba lanu lakutchalitchi. Akuti thumbalo sanalionenso chisamukireni pamudzi paja. Mawa ndikanda mkuwawo kuti uderenso, ndiyambirenso shopu isanatsekedwe. Chiphasocho chikapanda kupezeka, pamalo a maso ndidzangosiya pakuda. Sindidzapeka, Amayi, ndikulonjeza.

Ndine mwana wanu amene amakukondanibe,
Chisomo